Mpando Wotsiriza pa Msana wa Njati

Padangokhala, kale lija nyama zikadali ndi maudindo ndi maofesi, padali mzinda waukulu wotchedwa Mphambano. Tili limodzi? Khalani bwino, iyi si nthano ya ogona.

Mzindawo udatchuka ndi chinthu chimodzi. Njira zisanu ndi ziwiri za dziko lonse zinkakumana pakati pake, pa depoti. Wochokera kumpoto wolowera kummwera ankatsikira pamenepo, wakuvuma wofuna kuzambwe ankatsikira pomwepo. Onyamula apaulendo adali Mbidzi, Ntchefu, Ngoma, Njovu ndi anzawo, aliyense ndi mabenchi a nsungwi omangirira pamsana, ndipo akhwangwala ankaitanira kuyambira mmawa mpaka mawu kusasa.

Chosowa pa Mphambano ndiye kuti sichidalengedwe. Mchere, singano, mankhwala a dzino, nsalu za maluwa, nkhani za maukwati ndi za maliro, zonse zinkafika zikadali zotentha. Koma njira zomwezo zinkabweretsanso fumbi lolowa mpaka m'mano, nkhupakupa za m'maiko onse, chifuwa chachilendo chaka ndi chaka, ndi akuba aulemu okupatsa moni ndi dzanja limodzi, linalo lili m'thumba mwako.

Pa depotipo padali mayi wina, Likongwe, amake Naliyela, wogulitsa mazira owiritsa. Adabadwira pomwepo, kuseri kwa benchi yodikirira, ndipo sankalola aliyense kuiwala zimenezo.

"Ine ndine mwana wa depoti," ankatero akuwaza mchere pa dzira. "Dziko lonse lidadutsa pamaso panga, ndipo lidagula."

Adalinso ndi ntchito ina imene inkamudyetsa kuposa mazira. Apaulendo sakonda kukwera pamsana popanda anzawo, amathamangira pamene pakuoneka kuti patsala malo awiri. Tsono Likongwe adali ndi gulu lake la aganyu, Buluzi, Chule, Mphemvu ndi ena, amene ankakhala pa mabenchi atafungatira timitolo ta masanza, nkhope zili gwa ngati opita kutali. Wapaulendo weniweni akakwera, waganyu mmodzi ankatsika ngati akukataya madzi, osabweranso. Malipiro ake, dzira ndi kamchere.

Zonsezi zinkachitika chifukwa cha lamulo. Kale onyamula ankalowa ndi kutuluka mmene afunira, wina ndi apaulendo atatu, wina ndi mmodzi, mpaka pachipata pankathinana osayendeka ndipo ana ankapondedwa. Pamenepo Meya Nungu ndi khonsolo yake adagamula kuti wonyamula aliyense azinyamuka pokhapokha atadzaza: khumi ndi awiri, osachepa, osapitirira. Wosunga lamulolo adali Kapitawo Nyani, amene ankawerenga mitu ndi ndodo yake, ndipo ndodoyo ikapanda kukwera mmwamba, chipata sichinkatseguka.

Tsiku lina mmawa Namzeze, wonyamula mauthenga, adatera pamphepete pa dengu la Likongwe.

"Amake Naliyela, ikani dengu pansi."

"Lankhula, dengu langa lilibe makutu."

"Mwana wanu watopa. Masiku akwana, koma amayi a kwa Msiyeni akuti mimba yagona chopingasa, ndipo mudzi wonse ulibe mzamba. Akuti mukachedwa masiku anayi, mubwere ndi mkeka."

Dengu lidakhala pansi lokha. Naliyela adali mwana mmodzi yekha wa Likongwe, ndipo iyi idali mimba yake yoyamba. Adakwatiwa kwa Msiyeni, kumathero a njira yachisanu ndi chiwiri, kutsidya kwa mtsinje wa ang'ona umene ankawoloka ndi Njati yekha.

Koma apa ndiye pokomera mzinda wa njira zambiri. Likongwe adangofunsa khwangwala mmodzi, uyo adafunsa mnzake, ndipo madzi a mazira asanawire, yankho lidabwera: mzamba wotchuka, Mayi Bilimankhwe, watsika pa Mbidzi mmawa womwewo, ali pa benchi kudikira Ntchefu wa njira yachinayi.

Likongwe adathamanga nakagwada. Bilimankhwe adamuyang'ana ndi diso limodzi.

"Musadabwe, mayi, linalo ndalisiya pa chikwama. Amene anandithandiza kutsika wapita ndi kamba wanga wa paulendo. Mzinda wanu uno!"

"Ndi womwewo wandipatsa inu, amayi. Kamba ndikupatsani wina. Ndithandizeni mwana."

Bilimankhwe adamva zonse, nasanduka wobiriwira pang'ono ndi chisoni.

"Ndikupita kwa mkazi wa Mvuu, koma uyo mimba yake ndi yachisanu, njira akuidziwa. Ntchefu wanga akudikira matumba a mchere, anyamuka mkuja masana. Njati wanu akanyamuka nthawiyo isanakwane, ndipita nanu. Akapanda kutero, musandide."

Njati adali atagona kumapeto kwa depoti miyezi iwiri. Mpheta adali atamanga chisa pakati pa nyanga zake, ndipo amayi ankayanika zovala pa mabenchi ake.

"Achimwene a Njati, dzukani!"

Njati adatsegula diso. "Tadzaza?"

"Tilipo awiri."

"Mudzandidzutse mukakwana khumi ndi awiri."

Likongwe adapita kwa Nyani, nagwada kachiwiri tsiku limodzi, chinthu chimene mawondo ake sadazolowere.

"Bwana Kapitawo, ndi moyo wa mwana."

"Ndamva, amake Naliyela, ndipo ndikumvetsa. Koma ndikakulolani inu, mawa Mbidzi atuluka ndi atatu, Njovu ndi mmodzi, ndipo pachipata tiyambanso kutola ana a eni. Dzazani msana, ndodo ikwera."

Likongwe adadzuka, nasasa fumbi m'mawondo, namanga chitenje cholimba. Kudzaza msana? Adayamba ntchito imeneyo Nyani asanamere ndevu.

Adakwera pa benchi ya Njati nayamba nyimbo yake yoitanira. Nyimboyo inkatchula njira imodziimodzi ndi chimene imabweretsa, yoyamba nsalu, yachiwiri nsomba, yachitatu maungu, mpaka ikafika pa yachisanu ndi chiwiri mawu ankatsika, kufunsa chimene njira imeneyo idalakwa kuti onse aiiwale. Pomaliza pankabwerezedwa dzina la Msiyeni katatu, ndipo pamenepo ndi pamene ovomera amalowa. Tsiku limenelo adavomera ndi aganyu ake okha, atakhala bwinobwino ndi timitolo tawo.

Apaulendo adathamangira ndithu poona msana wotsala pang'ono kudzaza.

"Ameneyu akupita kuti?"

"Kwa Msiyeni, bambo, patsala malo awiri!"

"Kwa Msiyeni kuli chiyani?"

Ndipo ankatembenuka. Dzuwa lidapendeka popanda wokwera ngakhale mmodzi. Pamenepo Likongwe adanong'oneza aganyu ake.

"Lero palibe wotsika. Titulukira limodzi, ndipo tikapitirira chipata, mudumphe mmodzimmodzi."

Nyani adabwera ndi ndodo. Adawerenga, nakwana khumi ndi awiri. Ndodo idayamba kukwera, ikukwera, kenaka idaima panjira.

"Iwe Buluzi, ukupita kuti?"

"Kwa azakhali, bwana."

"Azakhali ako si aja amagulitsa zitumbuwa kuseri kwa ofesi yanga?"

"Ena, bwana. Aang'ono."

"Masula mtolo."

Mudatuluka masanza ndi chitsononkho cha chimanga.

"Azakhali aang'onowo akondwa kwambiri. Nanga iwe Mphemvu, udabadwira m'kabati yanga, kwa Msiyeni uli ndi ndani? Tsikani nonse! Amake Naliyela, masewera awa ndimawalekerera mkati muno, koma pachipata panga sadutsa."

Njati, amene adali atadzutsa bondo limodzi, adalibweza nagonanso.

Tsiku lachiwiri lidacha Likongwe atapeza kale nzeru ina. Ngati Nyani akudziwa nkhope zonse za pa depoti, afunika apaulendo opanda nkhope. Njovu adali atafika ndi maungu ochokera njira yachitatu, ndipo wamalonda wina wa njira yoyamba adali ndi mipango yakuda yosagulika. Likongwe adabwereka maungu khumi kuno, mipango khumi uko, ndipo posachedwa pamsana pa Njati padakhala amayi khumi onenepa bwino, ofunda kumutu mpaka kumapazi, mitu ili zyolizyoli.

Adaimbanso nyimbo ija, koma ulendo uno mwapang'onopang'ono ngati ya pa siwa, ndipo pa dzina la Msiyeni adavomera ndi Bilimankhwe yekha.

Nyani adafika. "Amayi awa ndi a kuti? Sindinawaonepo."

"Atsika usiku, bwana, a maliro. Akupita kukaika mlongo wawo."

"Muli bwanji, amayi?"

"Aa, bwana Kapitawo, mwakula chotere simudziwa mwambo? Kwawoko anamfedwa salankhula mpaka atathira dothi."

Nyani adachita manyazi, navula chipewa. "Pepani, amayi, pepani. Zimachitika." Ndodo idakwera. Njati adadzuka, mafupa ali gobedegobede, nayamba kuyenda. Likongwe adafinya dzanja la mzamba.

Koma pachipata padali mlonda, Mbuzi, amene ntchito yake idali kufufuza nkhupakupa pa aliyense wolowa ndi wotuluka, chifukwa chaka chathacho zidapululutsa ana a agwape m'mzindamo. Mbuzi adakwera, nanunkhiza mayi woyamba.

"Mayi awa akununkhira bwino."

"Ndi mafuta odzola, a Mbuzi, fulumirani."

"Ndi a kumunda mafuta amenewa."

Adanunkhizanso, natseka maso, ndipo Likongwe asanamugwire ndevu, padamveka khwapu!

"Bwana Kapitawo!" adafuula Mbuzi, kukamwa kuli tho. "Namfedwa uyu ali ndi nthanga!"

Depoti yonse idagwa nako kuseka. Njati adabwerera pamalo pake osauzidwa. Nyani adavala chipewa chake, nkhope ili ndwii.

"Mwandipepesetsa kwa maungu pamaso pa anthu. Mawa ndifunsa aliyense wokwera pamenepa chimene akukachita, ndipo ndikapeza mmodzi wonama, dengu lanu lisadzaonekenso pa depoti yanga."

Bilimankhwe adatuwa ngati phulusa. "Mawa masana, mayi. Mchere ukangofika, ine ndapita."

Likongwe adakhala pansi pambali pa dengu lake. Misozi idatsika, koma sadaipukute, chifukwa pa Mphambano aliyense amalira ndi fumbi ndipo palibe amene amafunsa. Ali chomwecho padafika Chiuli, mkulu wa amalonda, wamtima wapachala.

"Mazira awa ndi a lero?"

"A lero, bambo."

"Bodza. Inu a pano ndimakudziwani."

Chiuli adayenda mapazi asanu, nakumana ndi mlendo wofiira ndi fumbi atanyamula mazira m'chipewa.

"Achokera kutali awa, bwana, kuseri kwa njira yachisanu."

Chiuli adagula onse osafunsa kawiri. Likongwe adayang'anitsitsa. Adali mazira ake adzulo, amene iye mwini adagulitsa kwa mlendoyo mmawa.

Misozi idauma pomwepo. Zaka zonsezi adali kuchiona chinthu chimenechi osachiika pamtima: wa pa Mphambano sakhulupirira mawu a mnansi wake, koma chilichonse cholowera pachipata chili ndi fumbi amachimeza osatafuna. Basi, nkhani yake iyenera ituluke, ikadzole fumbi, ibwerere.

Mbidzi wa njira yoyamba adali pafupi kudzaza, ndipo pa benchi yakutsogolo padali Nkhanga, amene m'kamwa mwake simunagonemo chinsinsi chiyambire. Likongwe adamukokera pambali.

"Achemwali, ndikuuzani inu nokha chifukwa mumandigula. Mukuona ngati ndikuvutikira mwana? Mwana aliko, inde. Koma kwa Msiyeni ngumbi zatuluka nthawi isanakwane, ndipo kulibe wozitola. Musauze munthu."

"Ine? Ndiuze ndani? Pakamwa panga mpotseka."

Mbidzi asanafike n'komwe pachipata, Likongwe adaona Nkhanga atapendekera kale kukhutu la mnzake wa pambali. Ndipo ankadziwa kuti njira yoyamba ili ndi masiteji ang'onoang'ono kumene otsika amakwera onyamula a njira zina obwerera ku Mphambano.

Tsiku lachitatu, Ngoma adalowa mmawa kuchokera njira yachiwiri, ndipo wokwera woyamba asanaponde pansi adafuula kuti kwa Msiyeni ngumbi zikudzaza madengu. Njovu adalowa kuchokera yachitatu, ndipo akeawo adati si madengu, ndi nkhokwe, ndipo ngumbi yake imodzi ndi yaikulu ngati mbewa. Obwera ndi njira yachisanu adalumbira kuti mlamu wawo waziona ndi maso, zikutuluka zothothoka kale mapiko. Adafotokoza mafuta ake mokoma kotero kuti Likongwe mwiniwake adameza mate, kenaka adakumbukira.

Adakwera pa mwala nayamba nyimbo ija kachitatu. Sadafike ndi pa njira yachinayi yomwe. Akhwangwala onse adasiya onyamula awo nalumphira kumapeto kwa nyimbo, ndipo dzina la Msiyeni lidavomerezedwa ndi depoti yonse, ogulitsa, ogula ndi akuba omwe, mpaka Njati adadzambatuka osafunsa ngati adzaza.

Koma Likongwe, ndi nzeru zake zonse, adaiwala chinthu chimodzi: mzamba adali ku benchi yodikirira, mbali ina ya depoti, ndipo Bilimankhwe akamayenda mwendo umapita, nubwerera kukaganiza, kenaka n'kupitanso.

"Amayi, kwerani kumsana kwanga!"

"Ine mzamba wa maiko atatu, kuberekedwa ngati khanda?"

"Mudzandizenge mlandu mawa, kwerani!"

Adadutsa pansi pa miyendo, pakati pa matumba, wina adamuponda mchira, wina adamutukwana. Atafika, pamsana pa Njati padali patakhala kale khumi ndi mmodzi, Chiuli patsogolo ndi matumba ake opanda kanthu, Nguluwe pambali pake ndi madengu. Mpando umodzi wokha, wa kumchira, ndiwo udatsala, ndipo zikhadabo zisanu zidali kuulunjika. Likongwe adaponya dengu lake la mazira kudutsa pamitu pawo. Lidagwera pampandopo, ndipo pa Mphambano mpando wokhala ndi katundu uli ndi mwini.

Mpando umodzi. Iwo awiri.

"Amayi," adanong'ona Likongwe, "gwirani nyanga, mude bii."

Bilimankhwe adadandaula, koma adakwawira ku nyanga nada ngati nyangayo. Nyani adabwera, nafunsa aliyense chimene akukachita. Onse adayankha mawu amodzi: ngumbi. Atafika pa Likongwe adamuyang'ana nthawi yaitali.

"Za inu ndikuzidziwa kale. Khumi ndi awiri."

Ndodo idayamba kukwera. Koma khamu la otsala lidali kupondaponda pansi ndi mkwiyo, ndipo fumbi la Mphambano silidziwa mzamba. Padamveka etsi!

"Nyanga ya Njati inayamba liti kuyetsemula?" adafunsa Nyani. Adapapasa, natola Bilimankhwe ndi zala ziwiri, mwaulemu. "Khumi ndi atatu. Atsike mmodzi."

Nthawi yomweyo mbali ina ya depoti khwangwala adafuula kuti mchere wafika, a njira yachinayi akwere.

Likongwe adatembenukira anzake a pamsana. "Abale anga, ndani angandisiyire malo? Mwana wanga ali pakati pa moyo ndi imfa. Mudzapita ulendo wina."

Onse adayang'ana kumbali.

"Ngumbi sizidikira, mayi," adatero Chiuli. "Ulendo wina tidzapeza mapiko okha."

Mawu adafika pa lilime la Likongwe. Akadangonena kuti ngumbi kulibe, mpando akadaupeza. Koma akadapeza yonse khumi ndi umodzi, ndipo Njati akadagonanso. Bodza lake lomwe lidamukhalira pampando. Adawameza mawuwo, natenga dengu lake, natsika. Adanyamula Bilimankhwe ndi manja awiri namukhazika pampando wa kumchira, namangirira chikwama chake ku benchi ndi mfundo zitatu. Kenaka adavula mpango wake wa kumutu.

"Mukamupatse uwu alume ululu ukafika. Mukamuuze kuti amake anali nawo mpando."

"Ndikamuuza," adatero Bilimankhwe, ndipo kwa nthawi yoyamba adamuyang'ana ndi maso onse awiri.

Ndodo idakwera. Chipata chidatseguka. Njati adatuluka, Mpheta akuuluka pambuyo pake kutukwana za chisa.

Masiku anayi adapita. Namzeze adali atatumidwa kumpoto, ndipo kunalibe wina wobweretsa mawu a kwa Msiyeni. Likongwe adapsereza mazira, adapatsa ogula mchere wopanda dzira, ndipo chipata chikangolira ankathamanga kukaona, n'kupeza ndi Mbidzi. Aganyu ake ankakhala momuzungulira osapempha kanthu. Ngakhale Mbuzi adabwera ndi theka la dzungu kudzapepesa, ngakhale kuti adalidya yekha akupepesa.

Tsiku lachisanu masana, khwangwala wa pamwamba pa chipata adafuula kuti Njati akubwera, ndipo akubwera wodzaza.

Woyamba kudumpha adali Chiuli. "Ali kuti Likongwe? Nkhanga waulula kuti za ngumbi zinachokera kwa iye, tinakumana naye pa siteji! Ali kuti mayi wabodza uja?"

Buluzi adakoka chitenje cha Likongwe kuti abisale pansi pa benchi. Likongwe adamukankha. Kubisala, mzamba ali pamsana paja?

Chiuli adakwera pa thumba lake nalankhula kwa depoti yonse. "Tamverani nonse! Kwa Msiyeni kulibe ngumbi ngakhale imodzi! Kulibe kanthu! Kuli njala yokhayokha! Wina asavutike kupitako, ndanena ine!"

"Kulibe kanthu, zoona," adavomera Nguluwe, atakhalira dengu lake mwamphamvu.

Koma njuchi zidali kuzungulira matumba a Chiuli, ndipo pansi pa thumba limene adaimapo padayamba kutsika kanthu kofiirira, pang'onopang'ono, mpaka kadafika pa chala cha Nyani. Nyani adawerama, nakhudza, nanyambita.

"Njala ya kwa Msiyeni ndi yotsekemera, a Chiuli."

Pomwepo dengu la Nguluwe lidaphulika, mtedza uli mbwee. Anthu a kwa Msiyeni adali atakhala miyezi ndi uchi ndi mtedza zopanda wogula, alibe mchere ngakhale wa pa lilime, ndipo amalondawo adasinthanitsa chilichonse adali nacho mpaka malamba a m'chiuno. Depoti idaona njuchi, idaona mtedza, idamva Chiuli akukana, ndipo idayamba kuthamangira kwa Njati. Chiuli adatsika pa thumba msangamsanga nanong'oneza Njati kuti amusungire malo a kutsogolo.

Likongwe sadaone zonsezo. Maso ake adali kumchira, kumene Bilimankhwe ankatsika, mwendo kupita, kubwerera, kupitanso. Adayesa kuwerenga mtundu wa khungu lake, koma fumbi lidali litamukuta yense.

"Amayi, lankhulani."

"Nditsike kaye, mayi."

"Lankhulirani pomwepo, ndafa ine!"

Bilimankhwe adaponda pansi, nasasa fumbi, ndipo pansi pa fumbilo adali wobiriwira ngati msipu.

"Atatu. Aakazi awiri, wamwamuna mmodzi. Ndikanachedwa theka la tsiku, bwenzi tikukamba zina. Mwana wanu ndamusiya akumwa phala ndi kukangana ndi apongozi ake za mayina. Mpango wanu musauyembekezere, anautafuna wonse."

Nthungululu imene Likongwe adaimba idaimitsa depoti. Adagubuduka pansi pa fumbi limene adakhala akulitukwana moyo wake wonse. Adathokoza mzamba, adathokoza Mbidzi amene adamubweretsa, adathokoza wa mchere amene adachedwa masiku atatu. Adapsompsona bondo la Njati. Adathokoza Nkhanga ndi pakamwa pake, adathokoza Chiuli ndi dyera lake, ndipo Chiuli, posadziwa chochita, adamupatsa chisa cha uchi kuti akapatse wobereka. Mazira onse a m'dengu adagawidwa ulere, ndipo wakuba wina amene adali atatenga kale awiri adabweza limodzi chifukwa cha manyazi.

Nyani adatsokomola. "Amake Naliyela, kunamiza mzinda wonse ndi mlandu. Musesa depoti yanga sabata yathunthu."

"Ndisesa iwiri, bwana."

"Mudzayambe mukabwerako. Thamangani, patsala malo amodzi."

Adafika kwa Msiyeni tsiku lotsatira, nthiti zikuwawa ndi chigongono cha Nguluwe, nkhupakupa ili pakhosi. Pansi pa mtengo wa pabwalo adapeza akhwangwala awiri atayamba kale kuitanira. Adalowa m'nyumba, napeza Naliyela atatsamira khoma, wowonda koma wamoyo, tiana titatu tili pa mphasa.

"Amayi, mwatichita chiyani?" adatero Naliyela, akuseka ndi kulira pamodzi. "Kuno kunali phee. Tsopano akhwangwala akudzutsa ana mbandakucha, fumbi lili m'phala, ndipo dzulo wina wandibera mtondo pakhomo pomwepa!"

Likongwe adakhala pansi, nanyamula mdzukulu mmodzi kudzanja ili, wina kudzanja ilo, nawanunkhiza pamutu.

"Mtondo wina ubwera ndi Njati mkuja, mwanawe. Ndiikire wachitatuyo pamiyendo."

Nthano yafika pa siteji yake. Tsikani bwino, ndipo musaiwale katundu wanu.